Mmisiri akasiya kufunsa: momwe kunyozana kuntchito kumawonongera ntchito yeniyeniyo

Mphwanga amawotcherera zitsulo pa kampani ina yaing'ono ku Graniteside, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, komwe amapanga mageti ndi mafulemu a zitseko. Luso limeneli analitola ku Siyaso, ku Mbare, ali mnyamata, ndipo dzanja lake ndi labwino: akalumikiza zitsulo ziwiri, umachita kufufuza ndi chala kuti upeze pomwe zakumana. Lachitatu lina anapatsidwa pepala la miyeso ya mafulemu 12. Nambala imodzi inalembedwa mothamanga, moti munthu sakanadziwa ngati ndi 810 kapena 870. Iye anaona ndithu kuti pali chokayikitsa. Anaima ndi pepalalo m'manja, n'kuponya maso kwa kapitawo yemwe anali chapafupi pomwepo, masitepe osakwana khumi. Kenako anavala magalasi ake, n'kuyatsa makina odulira, n'kudula zonse pa 810. Nambala ija inali 870.

Madzulo ake, titakhala pakhonde kwathu ku Mufakose, ndinamufunsa kuti, "Nanga osafunsa bwanji, iwe? Kapitawo si anali pompo?"

Anayamba wakhala chete. Kenako anati, "Achimwene, sabata yatha ndinafunsa. Anaitana anyamata onse kuti adzaone Mubhurandaya wosadziwa kuwerenga manambala. Mpaka lero akundisekabe. Ndiye lero ndinangoti bola ndiyese mwayi." Mubhurandaya ndi dzina lonyoza lomwe ena kuno amatchula nalo ife amene makolo athu anachokera ku Malawi.

Mwambi wakuti safunsa anadya phula mphwanga amaudziwa. Tinakula nawo m'nyumba imodzi. Chinachitika n'chakuti pamalo pake pa ntchito funso linaikidwa mtengo, ndipo mtengo wake ndi manyazi pamaso pa anzake. Kampani inataya zitsulo ndi tsiku lathunthu, kasitomala anadikira, iye anadulidwa malipiro, ndipo m'buku la abwana munalembedwa kuti ndi wosasamala. Palibe amene analemba kuti kulakwitsa kumeneku kunabadwa sabata yapitayo, pakamwa pa munthu wina. Nkhani zoterezi ndazimva zambiri, kwa alonda, kwa ophika m'mahotela, kwa a m'maofesi a m'tauni. Ndikufuna ndifotokoze zomwe zimachitika m'thupi ndi m'mutu mwa munthu anzake a kuntchito akasanduka chinthu choopsa, chifukwa ofufuza akhala akuziyeza kwa zaka zambiri ndipo zochuluka n'zodziwika bwino.

Wantchito amasenza mitolo iwiri yosiyana. Wina ndi wa ntchito yeniyeniyo: maoda achuluka, kasitomala akufuna geti lake Loweruka, magetsi azima ndiye akangoyaka aliyense ayenera kuthamanga. Mtolo uwu umatopetsa, koma kawirikawiri umamudzutsa munthu, ndipo akautula amamva kukoma. Wina ndi wa anthu: kukalipiridwa pagulu, miseche, kusalidwa, kukondera, bwana amene lero akuseka mawa akutukwana, nthabwala zonyoza mtundu wako. Mtolo wachiwiriwu sutha ndi kulimbikira. Ngakhale uwotcherere mageti zana, mawa udzapeza nkhope zomwezo. Akatswiri a maganizo a anthu pantchito anapeza kuti zopanikiza za mtundu woyamba zikhoza kukweza kagwiridwe ka ntchito, pomwe za mtundu wachiwiri zimakatsitsa. Achinyamata zonsezi amangozitcha sitiresi, koma m'thupi sizichita zofanana.

Mu 1993, ku Trier m'dziko la Germany, Clemens Kirschbaum ndi anzake anatulutsa njira yopanikizira munthu m'chipinda chofufuzira popanda kumukhudza ndi chala chomwe. Amamuimika pamaso pa anthu angapo ovala majasi oyera, n'kumuuza kuti alankhule kwa mphindi 5 ngati akupempha ntchito. Anthu aja samwetulira, sagwedeza mutu, amangomuyang'ana. Kenako amamuuza kuti awerenge chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 1022, akuchotsera 13 nthawi iliyonse, ndipo akalakwitsa ayambirenso. Palibe chikwapu, palibe womuchotsa ntchito, komabe mtima umathamanga ndipo homoni ya cortisol, imene thupi limatulutsa likaona ngozi, imakwera kwambiri mwa anthu ambiri. Mu 2004 Sally Dickerson ndi Margaret Kemeny anasonkhanitsa zofufuza 208 za m'zipinda zoterezi, n'kufunsa kuti n'chiyani kwenikweni chimakweza cortisol. Phokoso kapena masamu ovuta pazokha sizinkachita zambiri. Chinkakweza kwambiri ndi zinthu ziwiri zikakumana: kuweruzidwa ndi maso a anthu ena, ndi kusowa mphamvu yosintha zomwe zikukuchitikira. Zikatero thupi linkachedwanso kubwerera mwakale. Taganizani tsopano za mmisiri ataima pakati pa anzake, kapitawo akumuseka, iye alibe kothawira chifukwa lendi ndi fizi ya ana zikumudikira. Zinthu ziwiri zija zakumana pa iye. Ku Trier zimatha pa mphindi zochepa munthu n'kupita kwawo; ku Graniteside zimayambanso mawa 7 koloko.

Thupi likaona ngozi limakonzekera kuthawa kapena kumenyana, ndipo pochita zimenezi limafooketsa mbali ya ubongo yomwe ili kuseri kwa mphumi. Mbali imeneyi ndi imene imatithandiza kusunga zinthu zingapo m'mutu nthawi imodzi, kulinganiza choyamba ndi chotsatira, ndiponso kudziletsa. Amy Arnsten wa ku yunivesite ya Yale waifufuza kwa zaka zambiri, ndipo wasonyeza kuti ngakhale kupanikizika kwapang'ono, kukakhala kwakuti munthu sangathe kukuletsa, kumaifooketsa msanga. Ine ndimaziyerekeza ndi lichero. Lichero limanyamula zochepa. Theka lake likadzaza ndi mafunso akuti "kodi akundiyang'ana?", "aja akunong'onezanawo akunena ine?", "akabweranso ndimuyankhe bwanji?", malo a miyeso, manambala ndi malangizo amatsala ochepa. Manja amapitiriza kuchita zomwe anazolowera, n'chifukwa chake munthu wopanikizika amaoneka ngati akugwira bwinobwino. Chimene chimatayika ndi chija chofuna kuganiza: kuwerengera chenji molondola, kukumbukira kuti wodwala uyu sayanjana ndi mankhwala akutiakuti, kuona kuti nambala ya papepala sikugwirizana ndi khomo la nyumba ya munthu.

Christine Porath ndi Amir Erez anayesa zimenezi mu 2007. Anakonza kuti ophunzira ena a payunivesite akumane ndi mwano asanapatsidwe ntchito yoganiza, ena ayi. Ochitidwa mwano aja anapeza mayankho ochepa, nzeru zatsopano zinawabwerera zochepa, ndipo sankafulumira kuthandiza ena. Pambuyo pake anapezanso kuti ngakhale ongoonerera mnzawo akunyozedwa, nawonso ntchito yawo imatsika. Izi azimve abwana amene amakonda kukalipa pagulu kuti ena atengerepo phunziro. Phunziro amatengadi, koma ndi lakuti atseke pakamwa, ndipo mitu ya onse amene aonerera imachoka pa ntchito.

Kafukufuku amene amandikhudza mtima kwambiri anachitikira ku Israel, ndipo Arieh Riskin ndi anzake anatulutsa zotsatira zake mu 2015. Magulu 24 a madokotala ndi anamwino osamalira ana obadwa masiku asanakwane anapatsidwa chidole cha khanda chomwe chinkaonetsedwa ngati chikudwala mwakayakaya, kuti apeze matenda ndi kuchiza. Anauzidwa kuti katswiri wochokera kunja akuwaonerera. Kwa magulu ena katswiriyo analankhula mawu wamba. Kwa ena anaponya mawu onyoza luso la achipatala a m'dzikolo. Anali mawu ochepa chabe, ochokera kwa mlendo amene sanali bwana wawo n'komwe. Magulu onyozedwa anachita moperewera pa kupeza matenda komanso pa kachizidwe. Ofufuza atayang'ana chifukwa chake anaona kuti anthuwo anachepetsa kuuzana zomwe aona ndi kupemphana thandizo. Luso analitenga kusukulu linalipo lonse, koma linasiya kuyenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ntchito zambiri sizigwiridwa ndi munthu mmodzi. Zimayenda pa timawu ting'onoting'ono tomwe anthu amapatsirana tsiku lonse: "samalani, waya uyu wasendeka", "ndalakwitsa apa", "sindinamve, tabwerezani". Amy Edmondson wa ku Harvard, m'zaka za m'ma 1990, anafufuza zolakwika pa kaperekedwe ka mankhwala m'zipatala ziwiri za ku America, akuyembekeza kuti magulu a anamwino ogwirizana bwino apezeka ndi zolakwika zochepa. Zinatuluka zosiyana: iwo ndiwo anali ndi zolakwika zambiri zolembedwa. Atafufuza mozama anazindikira kuti magulu amenewo ankaulula zolakwika zawo, pomwe m'magulu olamulidwa ndi mantha zolakwika zinkakwiriridwa. Mu 1999 anatulutsa kafukufuku wina wa magulu 51 a pa kampani yopanga katundu, wosonyeza kuti komwe anthu amamasuka kufunsa ndi kuvomera kulakwa popanda kuchititsidwa manyazi, gulu limaphunzira msanga ndipo limagwira bwino.

Choncho bwana akaona kuti pamalo pake pali zii, palibe wodandaula, palibe wobwera ndi vuto, asafulumire kukondwa. Ifeyo tinaleredwa kulemekeza akuluakulu, kusayang'ana wamkulu m'maso, kuyankha kuti "chabwino bwana". Ulemu umenewu ndi wabwino ndipo sindikuuchotsera kanthu. Koma ulemu ndi mantha zimavala malaya ofanana, ndipo amene ali pampando sazisiyanitsa mosavuta. Wolemekeza amabwera kudzakutsina khutu mwakachetechete kuti pepala ili lalakwika. Wamantha amakuyankha kuti chabwino, n'kukadula pa 810.

Si onse amene amakalipiridwa. Mlamu wanga amagwira mu ofesi yowerengera ndalama pa kampani ina ku Msasa, ndipo palibe anamutukwanapo. Kungoti nthawi ya nkhomaliro ikakwana, anzake anayi amanyamuka limodzi kukadya nsima kuseri kwa fakitale, osamuitana. Akalowa m'chipinda nkhani imaduka. Patapita miyezi ndi pamene anadziwa kuti pali gulu la WhatsApp la ofesi yonse lomwe iye yekha mulibe, ndipo kumeneko n'komwe ankauzana kuti tsiku lotsekera mabuku lasintha. Kawiri konse lipoti lake linachedwa. Akapita kukadandaula akanene chiyani? Kuti sandiitana ku nsima? N'chifukwa chake kusalidwa n'kovuta kuposa kutukwanidwa: kulibe mboni, kulibe mawu oti ungawabwereze pamaso pa komiti. Koma thupi limakumva. Mu 2003 Naomi Eisenberger, Matthew Lieberman ndi Kipling Williams anaika anthu m'makina ojambula ubongo n'kuwapatsa masewera a pakompyuta oponyerana mpira. Masewera ali mkati, osewera enawo, omwe kwenikweni anali kompyuta chabe, anasiya kumuponyera munthuyo mpira. Mbali ya ubongo imene imagwiranso ntchito munthu akamavutika ndi ululu wa m'thupi inaoneka ikugwira kwambiri. Ngati kampira ka pakompyuta kangachite zimenezi, nanga bwanji miyezi ya kudya wekha pa desiki? Pa nkhani ya mlamu wanga ntchito inawonongeka pawiri: mutu wake unali wotanganidwa ndi kudzifunsa kuti ndalakwa chiyani, komanso uthenga womwe ankafunikira kuti agwire ntchito sunkamufika.

Amayi ali ndi mtolo winanso womwe ambiri sautchula. Mwamuna waudindo akayamba nthabwala zotukwana, kugwiragwira, kapena kuonetsa kuti kontirakiti ipitirira pokhapokha atavomerezedwa, mkaziyo amayamba kuyenda mozemba. Sapita yekha ku sitolo ya katundu, safunsa chomwe chili mu ofesi ya munthuyo, amapewa shifiti imene angakumane. Mwezi ukatha amati ntchito yake yatsika, ndipo woweruza ndi yemwe uja akumuthawa.

Kwa ife olankhula Chichewa mu Harare pali chowonjezera. Agogo athu anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland, kummawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, kudzagwira m'mafamu a fodya, m'migodi, pa njanji ndi m'nyumba za azungu, chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chisanayambe komanso chili mkati. Anakhazikika ku Mbare, Highfield, Mufakose, Rugare, Mabvuku ndi Tafara. Ana awo anabadwira kuno, komabe zitupa za ambiri zinalembedwa kuti ndi alendo, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri m'malere. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anakonza zina: anazindikira unzika wa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, ndipo Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma pakamwa pa anthu sipasintha ndi pepala. Mayina akuti Mabhurandaya, ochokera ku dzina la Blantyre, ndi Mabwidi akadalipo. Ngakhale mawu athu aulemu akuti achimwene ena amawatembenuza kukhala chotisekera. Wathu akakwezedwa pantchito, manong'onong'o amati ndi mankhwala a ku Malawi. Mnzake akadwala, maso amatembenukira kwa iye chifukwa kwawo amavina Gule Wamkulu. Ndikudziwa anthu amene anasintha dzina la bambo awo kuti limveke la Chishona, ndipo kuntchito salankhula Chichewa ngakhale pafoni ndi mayi awo. Kudzibisa koteroko ndi ntchito ina payokha, yogwira tsiku lonse popanda malipiro, ndipo imadya malo mu lichero lomwe lija. Sindikunena kuti anzathu a Chishona onse amatero. Tinakwatirana nawo, timaika maliro limodzi, ndipo nawonso amazunzidwa ndi makapitawo omwewo. Ndaonaponso Mchewa atapatsidwa udindo n'kukhala wankhanza kuposa onse.

Kumaiko komwe ntchito sizivuta kupeza, munthu akazunzidwa amachoka, ndipo abwana amaona msanga kuti pali vuto chifukwa anthu akuthawa. Kuno ambiri amadalira geni ndi maganyu, ku Mbare Musika, ku Glen View, m'misewu ya m'tauni, ndipo amene ali ndi ntchito ya pamwezi amaigwira ndi manja awiri. Ambiri ali pa makontirakiti aafupi omwe amadikira siginecha ya bwana yemweyo. Tikukumbukira Julaye 2015, pomwe khoti lalikulu la Supreme linagamula kuti wolemba ntchito akhoza kuchotsa munthu pongomupatsa chidziwitso cha miyezi itatu, anthu zikwizikwi n'kutaya ntchito m'masabata ochepa, mpaka lamulo linasinthidwa mwachangu. Mantha a nthawi imeneyo akadali m'mitima. Ndiye munthu sachoka. Amakhala, thupi lili pamakina, mtima uli kwina. Amachita zomwe wauzidwa basi. Akaona mpopi ukudontha amangodutsa, ndipo nzeru yomwe ikanapulumutsa ndalama za kampani amapita nayo kunyumba.

Robert Karasek anafotokoza mu 1979 kuti ntchito yovulaza kwambiri ndi imene imafuna zambiri kwa munthu koma osamupatsa mpata wosankha kagwiridwe kake, ndipo mu 1988 Jeffrey Johnson ndi Ellen Hall anawonjezera chachitatu: kusowa anzako okuchirikiza. Kafukufuku wa Whitehall II, amene Michael Marmot anayamba mu 1985 pa ogwira ntchito m'boma oposa 10,000 ku London, anapeza kuti amene anali ndi mphamvu zochepa pa ntchito yawo ankadwala matenda a mtima kuposa anzawo, ndipo amene ankaona kuti mabwana awo sawachitira chilungamo analinso pa chiopsezo chokulirapo. Awatu anali anthu a malipiro odalirika ndi chipatala chaulere.

Nkhani sithera pa geti la kampani. Munthu amakwera nayo kombi, amadya nayo, amagona nayo. Anzathu a Chishona ali ndi mawu ake enieni, kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso. Mphwanga anandiuza kuti usiku amabwereza m'mutu zomwe kapitawo ananena ndi zomwe iye akanayankha, mpaka atambala kulira, kenako adzuke kukatunga madzi ku mjigo asanathamangire kombi. Munthu wosagona amachedwa kuona ngozi, ndipo pafupi ndi makina odulira zitsulo kuchedwa kwa sekondi imodzi ndi chala. Zikapitirira kwa miyezi, zimafika pa chija bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachitchula mu 2019 kuti ndi kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito: kutopa kosatha, mtima kuchoka pa ntchito, ndi kulephera zomwe kale unkazitha. WHO ndi ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, ananena mu 2022 kuti padziko lonse masiku ogwira ntchito pafupifupi 12 biliyoni amatayika chaka chilichonse chifukwa cha matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Chaka chomwecho kafukufuku wa ILO m'maiko 121 anapeza kuti wantchito mmodzi mwa asanu alionse, kuposerapo pang'ono, anachitiridwapo nkhanza kapena kuvutitsidwa kuntchito, zambiri zili za mawu ndi za m'maganizo, ndipo pafupifupi theka la iwo sanauzepo munthu aliyense.

Ndikudziwa zomwe makapitawo ena anganene, chifukwa ndakhala nawo pa maliro ndi ku tchalitchi: "Anyamatawa ukawasekerera sagwira ntchito." Muli choonadi pang'ono mmenemo. Mantha amafulumizitsa manja pa ntchito yosavuta, yooneka ndi maso, malinga ngati woopedwayo waima pomwepo. Kutsitsa matumba a simenti m'lole kungathe msanga ndi kukalipa. Koma zomwe mantha amawononga sizioneka tsiku lomwelo, n'chifukwa chake wokalipa amakhulupirira kuti njira yake ikuyenda. Zolakwika zikatuluka amaziona ngati umboni wakuti anthu ake ndi opusa, n'kuwonjezera ukali, anthu n'kuwonjezera kubisa. Kudzudzula ntchito yolakwika n'koyenera, ndipo mmisiri weniweni amakufuna. Mawu akuti "polumikiza apa sipanagwire, bwereza" amaloza chitsulo. Mawu akuti "anthu a mtundu wanu simumva" amaloza munthu, ndipo munthu akalozedwa amasiya chitsulo n'kuyamba kudziteteza.

Nayenso kapitawo kawirikawiri ndi munthu wopanikizika. M'mawa wakalipiridwa ndi mwini kampani chifukwa cha oda yochedwa, ukali n'kutsetsereka ngati madzi a mvula mpaka kukafika kwa wophunzira ntchito, mwinanso kwa ana kunyumba. Izi sizimuchotsera mlandu, koma zikusonyeza kuti kuchotsa kapitawo mmodzi sikuchiza kampani ngati kumtunda sikunasinthe. N'chifukwa chake malangizo a WHO a 2022 okhudza umoyo wa m'maganizo kuntchito anatsindika kuphunzitsa mamanijala ndi kusintha kayendetsedwe ka malo a ntchito, osati kungouza antchito kuti alimbe mtima. Zoti aphunzire sizilira ndalama: kudzudzulira pambali, kufunsa yekha asanachoke kuti "pali chosamveka papepalapa?", ndi kuthokoza munthu amene wabwera kudzaulula cholakwa chisanakule.

Lamulo lilipo, ndipo wantchito ayenera kulidziwa. Ndime 65 ya malamulo oyendetsera dziko imapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka. Lamulo la ntchito, Labour Act, litasinthidwa mu 2023 linatchula nkhanza ndi kuvutitsa munthu kuntchito ngati mchitidwe woletsedwa, zomwe zikugwirizana ndi pangano la ILO nambala 190 la 2019. Njira yake imayambira ku komiti ya ogwira ntchito, kupita ku NEC, khonsolo ya olemba ntchito ndi antchito a mtundu wa ntchito yanu, kapena kwa ofesala wa zantchito, mpaka ku khoti la zantchito. Amene akufuna kuyenda njira imeneyi azilemba tsiku, mawu omwe ananenedwa ndi anthu amene analipo, ndipo asamafufute mauthenga a pafoni, chifukwa nkhanza za pakamwa zimazimirira msanga ngati palibe cholembedwa. Koma ndisaname: pa kampani ya anthu 15, pomwe mwini wake ndi mlamu wa kapitawo, ambiri sangayerekeze n'komwe. Kwa amene maganizo afika pomulanda tulo, kuzipatala zambiri za khonsolo kuli mabenchi a Friendship Bench, ntchito yomwe Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006. Agogo ophunzitsidwa amakhala nawe pansi, kumva nkhani yako, n'kukuthandiza kusankha vuto limodzi loti uyambe nalo. Kafukufuku wotulutsidwa mu 2016 anasonyeza kuti njirayi imachepetsadi zizindikiro za nkhawa ndi kukhumudwa. Kapitawo sasintha chifukwa cha benchi, koma munthu amabwerera kuntchito atagona, mutu uli m'malo. Ndipo mnzako mmodzi yekha amene angakukokere pambali n'kunena kuti "ndinamva zija anakunena, si zoona" amapepukitsa mtolo kuposa momwe iye mwini amadziwira.

Mphwanga akadali pa kampani yomweyo. Madola omwe anamudula sanabwezedwe. Masiku ano nambala ikakhala yosaoneka bwino, amajambula pepalalo ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp kwa dalaivala amene anapita kukayeza kwa kasitomala, bambo wina wachikulire wa ku Murehwa amene amamuitana kuti mwanangu. Dalaivala akakhala pamsewu yankho limachedwa, nthawi zina theka la ola, nthawi zina kuposa. Pa nthawi yonseyo mphwanga amasesa pansi kapena kupukuta zida kuti aoneke wotanganidwa, makina odulira ali zii, data akugula ndi ndalama zake, kapitawo ali pomwe paja, masitepe osakwana khumi.